BP siimveka m'thupi: zomwe tikuphonya pa matenda a mtima

Palibe Mmalawi wamkulu amene sanamvepo za BP. Mayi akatopa ndi mwana wosamva amati, "Iwe, undikweza BP." Bambo akamva mtengo wa feteleza amagwira m'mutu n'kunena kuti BP yakwera. Munthu akakomoka m'nyumba ya siwa, anzake amathamangira madzi uku akuuzana kuti ndi BP. Poona momwe nkhaniyi yafalikira, wina angaganize kuti uthenga wa matenda a mtima unafika kalekale m'midzi ndi m'matauni momwe. Koma chomwe chinafika ndi chikhulupiriro choti BP ndi chinthu chomwe munthu amachimva, chobwera ndi mkwiyo kapena nkhani yoipa, n'kuchoka mtima ukakhala m'malo. Chikhulupiriro chimenechi chikutitayitsa anthu ambiri, chifukwa amene sakumva kalikonse amadziyesa wabwinobwino, pamene nthendayi mwa anthu ochuluka imakhala zaka ndi zaka osaonetsa chizindikiro ngakhale chimodzi.

M'chaka cha 2009, Unduna wa Zaumoyo mothandizana ndi bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO unachita kafukufuku wotchedwa STEPS, ndipo anayeza anthu a zaka 25 mpaka 64 m'zigawo zonse za dziko lino. Anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu aliwonse magazi ake ankathamanga mopitirira muyezo. Anthu atatu mwa anayi anali asanayezedwepo BP chibadwire, ndipo mwa omwe anapezeka nayo, oposa 90 pa 100 aliwonse sankadziwa n'komwe. Pakati pa 2013 ndi 2016 bungwe la kafukufuku la MEIRU linayeza anthu pafupifupi 29,000 ku Karonga ndi ku Area 25 mu Lilongwe, kuyambira a zaka 18. Chiwerengero chomwe linapeza chinali chotsikirapo, pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 7, mwa zina chifukwa munali achinyamata ambiri. Komabe oposa theka la odwalawo sankadziwa kuti akudwala. Akatswiri atha kukangana pa nambala yeniyeni, koma pa mfundo yoti ambiri akuyenda nayo osadziwa, makafukufuku onse awiri akulankhula chimodzi.

Vutoli si lathu lokha. Lipoti la WHO la 2023 linati akuluakulu okwana 1.3 biliyoni pa dziko lonse ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, kuchoka pa 650 miliyoni mu 1990, ndipo pafupifupi theka sadziwa. Matenda a mtima ndi mitsempha ya magazi ndiwo amapha anthu ambiri pa dziko lapansi kuposa nthenda ina iliyonse: anthu 17.9 miliyoni mu 2019, ndipo oposa atatu mwa anayi mwa iwo anali a m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene.

Nambala ziwiri zija

Namwino akakumangani lamba pamkono, makina amatulutsa nambala ziwiri, mwachitsanzo 120/80. Yoyamba imasonyeza mphamvu yomwe magazi akukankhira makoma a mitsempha pa nthawi yomwe mtima wafinya, yachiwiri imasonyeza mphamvu yotsalira pamene mtima wamasuka kudikira kugunda kotsatira. Ngati pa masiku awiri osiyana nambala yapamwamba yafika 140 kapena kuposa, kapena yapansi yafika 90 kapena kuposa, achipatala amati munthuyo ali ndi BP. Amanena za masiku awiri chifukwa n'zoona kuti mantha, ukali, kuthamanga ngakhale kuona chovala choyera cha dokotala zimakweza nambalazi kwa kanthawi. Kukwera kwa kanthawiko ndi komwe anthu amakudziwa. Nthenda yeniyeni ndi pamene nambalazo zakhazikika pamwamba, munthu ali phee, akuseka, akugona tulo tabwino.

Mtima ndi mnofu, ndipo umagunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku osapumula. Mitsempha ikauma n'kuchepa mkati, mtima umakhala ngati mnyamata wa kabaza amene tsiku lililonse akupalasa chitunda atanyamula matumba awiri a chimanga. Poyamba minofu imakula ndipo amaoneka wamphamvu, koma zaka zikapita amafooka. Ndi mmene zimakhalira: khoma la mtima limakhuthala, kenako limauma kapena kutamuka, mpaka mtima umalephera kutulutsa magazi onse omwe alowa. Madzi amayamba kudzadza m'mapapo ndi m'miyendo. Munthu amabanika akangoyenda pang'ono, mapazi amatupa, usiku sangagone chagada koma atatsamira, ndipo amadzidzimuka ndi chifuwa. Ambiri amayamba alandira mankhwala a mphumu kapena kuyezedwa makhololo kangapo pofuna TB, wina asanaganize zomvetsera mtima.

Mphamvu yomweyo imawononganso kwina. Mu ubongo, mtsempha umatha kuphulika kapena kutsekeka, ndiye sitiroko imeneyo. Mu impso, timitsempha tosefa magazi timafa pang'onopang'ono, ndipo makina osefera magazi m'zipatala za boma ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi owafuna. M'maso, kuona kumayamba kuchepa. Zonsezi zimachitika mwakachetechete, ndipo mutu, chizungulire kapena kamfuno zomwe anthu amadalira ngati zizindikiro sizingakuuzeni zoona. Pali anthu omwe mutu umawapweteka BP ili bwinobwino, ndipo alipo omwe amalima tsiku lonse nambala ili pa 180.

Matenda a mabwana?

Anthu ambiri akamva za mtima amakumbukira akuluakulu. Pulezidenti Bingu wa Mutharika anamwalira mu April 2012 mtima utasiya kugwira ntchito mwadzidzidzi ku Lilongwe. Ku Zambia, Pulezidenti Levy Mwanawasa anadwala sitiroko ali ku msonkhano ku Egypt mu June 2008 ndipo anamwalira mu August chaka chomwecho ku Paris. Imfa zotere zimalengezedwa pa wailesi pamodzi ndi dzina la nthendayo, pamene mlimi wa ku Ntchisi akagwa kumunda, pamaliro amangoti imfa yake inali yadzidzidzi. Mwa njira imeneyi takhala tikukhulupirira kuti mtima umavuta anthu oyenda pa galimoto ndi odya nyama tsiku lililonse.

Palinso china chomwe chasokoneza uthengawu. Zambiri zomwe dziko limadziwa pa zoyambitsa matenda a mtima zinachokera ku kafukufuku yemwe anayamba mu 1948 m'tauni ya Framingham ku America, komwe vuto lalikulu linali mafuta otseka mitsempha yodyetsa mtima weniweniwo. Nthenda imeneyo kuno iliko ndipo ikuchuluka, makamaka m'mizinda. Koma madokotala atalemba odwala oposa 1,000 omwe anagonekedwa chifukwa cha kufooka kwa mtima m'mayiko 9 a mu Africa, kuphatikizapo Mozambique, zotsatira zomwe zinatuluka mu 2012 zinaonetsa chithunzi china. Pafupifupi theka anali atafika pamenepo chifukwa cha BP. Pafupifupi mmodzi mwa 7 anali ndi mtima wowonongeka ndi nthenda yoyambira pa zilonda za pakhosi. Otsekeka mitsempha ya mtima sanafike ngakhale mmodzi mwa 10. Ndipo odwalawo anali a zaka za m'ma 50, osati nkhalamba za zaka 70 ngati ku Ulaya, kutanthauza kuti ndi anthu omwe akulipirira ana sukulu ndi kusamala makolo awo.

N'chifukwa chake ine ndimaona kuti uthenga wongokopera kunja, wouza anthu kuti achepetse batala ndi tchizi n'kumapita kojima, sungamuthandize mayi wa ku Nsanje amene amatunga madzi mtunda wautali ndipo batala sanamugulepo. Iyeyo thupi amaligwiritsa ntchito mokwanira, koma BP itha kumugwira ndithu.

Mchere, thupi ndi utsi

Zina mwa zomwe zimaika munthu pa chiopsezo sitingazisinthe. Zaka zikamapita mitsempha imauma. Ngati bambo, mayi kapena abale a bere limodzi ali ndi BP kapena anadwalapo sitiroko, mwayi woti inunso mukhale nayo ndi waukulu, ndipo nzeru yake ndi kuyamba kuyezetsa msanga. Kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana waonetsanso kuti mwa anthu akuda BP imakonda kuyamba msanga ndiponso imakwera kwambiri ndi mchere.

Pa mchere m'pofunika kuimapo. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, omwe ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi ya tiyi, kuwerengera zonse zomwe wadya kuyambira m'mawa mpaka usiku. Pa dziko lonse anthu amadya kuposa kuwirikiza kawiri muyezo umenewu. Mchere ukachuluka, thupi limasunga madzi kuti liusungunule, magazi amachuluka m'mitsempha ndipo mphamvu yake imakwera. Kwathu kuno mchere umagwira ntchito yomwe anthu olemba malangizo saiganizira kawirikawiri: ndiwo zikachepa, mchere ndi umene umathandiza kuti nsima itsike. Kambale kakang'ono ka usipa kapena masamba kakwanire anthu asanu ndi mmodzi, wophika amathira dzanja lolemera kuti aliyense angosunsa pang'ono. Choncho mchere wambiri nthawi zina ndi chizindikiro cha kusowa osati kupeza bwino. Onjezanipo kambale ka mchere komwe kamaikidwa pamphasa kapena patebulo, komwe abambo ambiri amatapa asanalawe n'komwe ndiwo. Onjezaninso mchere wa pa chiwaya ndi pa kanyenya, nsomba za bakayawo, timabuloko ndi ufa wokometsera ndiwo, buledi, soseji, ndi tokhwasula khwasula ta m'mapaketi tomwe ana amatenga kusukulu. Ngakhale soda wothira mu therere ali ndi chinthu chomwecho chomwe chimakweza BP mu mchere.

Dziko la South Africa linakhazikitsa lamulo, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2016, loletsa makampani kupitirira muyezo wa mchere mu buledi, soseji ndi zakudya zina za m'mafakitale. Kuno lamulo lotere lingathandize pang'ono chabe, chifukwa mchere wathu wambiri umathiridwa pakhomo. Nkhondo yake ili m'khitchini, ndipo siingapambanidwe pouza wophika yekha. Mayi atha kumva uphungu ku sikelo, koma akachepetsa mchere n'kudzudzulidwa kuti ndiwo sizikukoma, mawa abwerera ku zakale. Abambo ayenera kumva nawo uthengawu. Chabwino n'chakuti lilime limazolowera: mukachepetsa pang'onopang'ono kwa milungu ingapo, osati kusiya tsiku limodzi, ndiwo zimayambanso kukoma, makamaka mukamadalira tomato, anyezi, nsinjiro, mandimu ndi tsabola. Mchere wochepa womwe mukuthirawo ukhale wa ayodini.

Kunenepa nako kuli ndi mbiri yake pakati pathu. "Mwanenepatu, zikukuyenderani," ndi moni woyamikira, ndipo mkazi akanenepa pa banja anthu amati mwamuna akumusamala. Zaka zomwe Edzi inkapha anthu popanda mankhwala zinakhwimitsa maganizowa, chifukwa kuwonda kunkabweretsa manong'onong'o. Sitingawadzudzule anthu pa mantha amenewo, anali ndi chifukwa chake. Koma zotsatira zake zikuoneka. Kafukufuku wa MEIRU uja anapeza kuti amayi oposa 40 pa 100 aliwonse ku Area 25 anali onenepa mopitirira muyezo, kuposa kuwirikiza kawiri chiwerengero cha abambo a komweko. Mafuta oopsa kwambiri ndi a pamimba, chifukwa amayenda limodzi ndi BP ndi shuga. Zakumwa zotsekemera, tiyi wa masupuni anayi a shuga, mandasi ndi tchipisi zokazingidwa m'mafuta obwerezabwereza, kuphatikizapo kukhala pansi tsiku lonse mu ofesi, mu shopu kapena pa chiwongolero, ndi zomwe zasintha matupi a m'tauni. Kwa anthu otere, mphindi 150 pa mlungu zoyenda mwandawala, zomwe ndi mphindi 30 kwa masiku asanu, zimatsitsa BP ndithu.

Shuga amawononga mitsempha yomweyo yomwe BP ikuwononga, ndipo ziwirizi zikakumana mwa munthu mmodzi ngozi imakula kwambiri. Aliyense wopezeka ndi imodzi ayezetse inzake.

Za fodya, dziko lathu lili pa malo ovuta, popeza ndi mbewu yomwe yakhala ikubweretsa ndalama zakunja kwa zaka zambiri, ndipo Malawi inachedwa mpaka 2023 kuti ivomereze pangano la WHO lochepetsa kusuta. Kafukufuku wa 2009 uja anapeza kuti pafupifupi bambo mmodzi mwa anayi ankasuta. Kaya ndi ndudu ya m'sitolo, kaya chingambwe, kaya fodya wa m'mphuno kapena woika kukamwa yemwe agogo ena amakonda, zonse zimafinya mitsempha ndi kuthamangitsa mtima. Wosuta akasiya, chiopsezo cha kutsekeka kwa mitsempha ya mtima chimatsika pafupifupi ndi theka pakangotha chaka. Mowa wambiri, kaya kachasu kaya wa m'mabotolo, umakweza BP ndiponso umatha kufooketsa mnofu wa mtima mwachindunji.

Pali utsi wina womwe sitiuwerengera. Pafupifupi khomo lililonse m'dziko muno limaphikira nkhuni kapena makala, nthawi zambiri m'kakhitchini kopanda zenera. Tinthu ting'onoting'ono ta mu utsiwo timadutsa m'mapapo n'kulowa m'magazi. WHO imati utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni mu 2020, ndipo oposa theka anafa ndi matenda a mtima ndi sitiroko, osati a m'mapapo monga ambiri angaganizire. Mayi amene sanagwirepo ndudu atha kukhala atapuma utsi kwa zaka 40.

Magulu ena awiri ayenera kutchulidwa. Anthu omwe ali ndi HIV ali pa chiopsezo chokulirapo cha matenda a mitsempha, ndipo kafukufuku wa odwala sitiroko pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anapeza kuti BP ndi HIV ndizo zinkatsogolera, HIV makamaka mwa achinyamata ndi omwe chitetezo chawo chinali chitatsika kwambiri. Yankho lake ndi kuyamba ma ARV msanga, kumwa mokhulupirika, ndi kupempha kuti akuyezeni BP pa ulendo womwewo wokatenga mankhwala. Gulu lachiwiri ndi amayi oyembekezera. BP yokwera pa nthawi ya pakati, yobwera ndi kutupa nkhope, mutu waukulu ndi kuona zinthu mwachimbuuzi, ndi imodzi mwa zomwe zimapha amayi ndi makanda. Mayi amene zinamuchitikirapo amakhalabe pa chiopsezo ngakhale patapita zaka, choncho asasiye kuyezetsa chifukwa choti wachira. Ndipo mayi akayamba kubanika ndi kutupa miyendo m'miyezi yoyamba atangobereka, asamangoti ndi kutopa kwa uchembere, chifukwa pali kufooka kwa mtima komwe kumabwera pa nthawi imeneyi.

Pakhosi pa mwana

Pa zonse zomwe zili m'nkhani ino, iyi ndi yomwe imandiwawa kwambiri, chifukwa imagwira ana ndipo njira yoipewera ndi yotsika mtengo. Mwana wa zaka zapakati pa 5 ndi 15 amadandaula kuti pakhosi pakupweteka, akulephera kumeza, thupi latentha. Nthawi zambiri amakhala mavairasi a chimfine omwe amatha okha. Koma nthawi zina amakhala mabakiteriya otchedwa streptococcus, ndipo zizindikiro zake zimakonda kukhala kutentha thupi, mafinya kapena kufiira kukhosi, timwanabele totupa m'khosi, popanda chifuwa kapena mamina. Zilondazo zimapola zokha pakatha masiku ochepa ndipo aliyense amaiwala. Mwa ana ena, pakatha milungu iwiri kapena itatu, chitetezo cha m'thupi chomwe chimalimbana ndi mabakiteriya aja chimasokonezeka n'kuyamba kuukira thupi lomwelo. Mfundo zimatupa ndi kupweteka, lero bondo, mawa chigongono kapena kakolo. Ena manja ndi nkhope zimayamba kugwedezeka mosalamulirika, ndipo kusukulu amawakalipira kuti akuchita zachibwana kapena akulemba moipa. Mkati, tizitseko ta mtima tomwe timaonetsetsa kuti magazi akuyenda njira imodzi timatupa.

Zikabwerezabwereza, tizitsekoto timachita zipsera, mwina kulephera kutsekeka bwino mwina kulephera kutseguka. Mwanayo amakula osadziwa, mpaka tsiku lina ali mnyamata wa sekondale akulephera kumaliza mpira, kapena ali mtsikana wa pakati poyamba mtima ukulephera kunyamula magazi a anthu awiri. Nthendayi, yomwe madokotala amaitchula mwachidule kuti RHD, imapha anthu pafupifupi 300,000 chaka chilichonse pa dziko lapansi, pafupifupi onse m'mayiko osauka, pamene ku Ulaya inatsala pang'ono kutheratu. Imakonda komwe anthu amagona mothithikana ndiponso chipatala chili kutali. Madokotala atayeza ndi makina ounikira mtima ana pafupifupi 1,450 m'boma la Lilongwe, anapeza kuti atatu pa 100 aliwonse anali ndi zizindikiro zoyambirira za nthendayi, ana ooneka athanzi omwe makolo awo sankakayikira kanthu. M'kalasi ya ana 100, monga zilili m'sukulu zambiri za pulayimale, ganizirani nokha.

Mankhwala ake ndi penisilini, mankhwala akale omwe amapezeka ngakhale pa chipatala chaching'ono. Zilonda za pakhosi zikachizidwa ndi jakisoni mmodzi kapena mapiritsi omwa masiku 10 osadukiza, nthawi zambiri nthendayo siifika ku mtima. Kugula makapisozi awiri pa golosale n'kusiya mwana akangopeza bwino sikuchiza. Kwa mwana amene mtima wakhudzidwa kale, jakisoni wa penisilini pa milungu itatu kapena inayi iliyonse, kwa zaka zambiri, amateteza kuti zisaonjezekere. Ku Gulu m'dziko la Uganda anayesa zimenezi pa ana omwe anapezeka ndi zizindikiro zoyambirira: pakatha zaka ziwiri, nthenda inakula mwa ana 8 pa 100 omwe sankabayidwa, koma mwa obayidwa sinafike ngakhale mmodzi pa 100. Jakisoniyo ndi wowawa, ndipo ana ambiri amathawa akafika pa msinkhu wodziyendera okha, n'chifukwa chake pamafunika kholo kapena mphunzitsi womvetsa chifukwa chake. Tizitseko tikawonongekeratu, chotsala ndi opaleshoni, ndipo ambiri oifuna amalembedwa pa mndandanda wodikira kutumizidwa kunja, makamaka ku India. Si onse omwe nthawi yawo imafika ali moyo.

Ikafika ngozi

Munthu akapotoka pakamwa mwadzidzidzi, mkono kapena mwendo wa mbali imodzi ukalefuka, mawu akayamba kutuluka mosamveka, imeneyo ndi sitiroko ndipo ola lililonse ndi lofunika. Musamumwetse madzi, phala kapena mankhwala alionse, chifukwa ambiri amakhala atasiya kumeza bwino ndipo zomwe mwamupatsazo zimalowa m'mapapo. Mugonekeni cham'mbali n'kupeza choyendera. Thamangiraninso kuchipatala ngati pali kupweteka kolemera pakati pa chifuwa, kofalikira ku mkono, kukhosi kapena kunsagwada, kobwera ndi thukuta lozizira ndi mseru. Amayi ndi odwala shuga nthawi zina samva kupweteka kwenikweni, amangobanika, kufooka kapena kumva ngati chakudya chawakhala pamtima.

Kudzidzimutsa kwa matendawa ndi komwe kumawapatsa mbiri ya ufiti. Munthu amene dzulo amalima lero wagwa, anthu amati wamenyedwa hamala, ndipo ulendo woyamba umakhala wa kwa sing'anga. Kumeneko kumatayika masiku, ndipo nthawi zina kumatayikanso mtendere wa gogo wina wosalakwa amene amalozedwa chala. Abusa, mashehe ndi mafumu ali ndi mphamvu pa nkhaniyi kuposa chikwangwani chilichonse cha unduna. Mipingo ina yayamba kuitana anamwino kudzayeza anthu mapemphero akatha, ndipo njira imeneyi imafikira abambo omwe sapita kuchipatala pokhapokha atanyamulidwa.

Kudziwa kokha sikukwanira

Kuyezetsa kumatenga mphindi zochepa. Khalani pansi mphindi zisanu musanayezedwe, msana utatsamira, mapazi ali pansi, mkono utagona pa tebulo, osalankhula, ndipo musakhale mutangosuta kapena kumwa khofi. Funsani nambala zanu ndipo zilembedwe m'kabuku kanu ka kuchipatala. Yankho loti "ili bwino" kapena "yakwera pang'ono" silikuthandizani ulendo wotsatira. Munthu wamkulu aliyense ayezetse kamodzi pa chaka ngakhale akumva bwino, osadikira 17 May kapena 29 September, masiku omwe dziko limakumbukira BP ndi mtima.

Vuto lalikulu limayamba munthu akapatsidwa mankhwala. Mapiritsi monga hydrochlorothiazide, amlodipine ndi enalapril amagwira ntchito bwino, ndipo ambiri amafunika mitundu iwiri pamodzi. Koma sachotsa nthendayo, amangoigwira, ndipo akasiyidwa BP imabwerera pomwe inali. Apa ndi pomwe chikhulupiriro chija choti BP imamveka chimavulazanso kachiwiri: munthu amamwa mwezi umodzi, akuona kuti ali bwino, n'kusiya, kapena amasunga mapiritsi kuti azimwa tsiku lomwe mutu wapweteka. Ena amawasiya n'kudalira adyo, mandimu kapena mankhwala a zitsamba a m'mabotolo omwe amalengezedwa kuti amachiza BP, shuga ndi zina zonse nthawi imodzi. Adyo ndi chakudya chabwino koma sangalowe m'malo mwa mapiritsi. Ngati mankhwala akukupatsani chifuwa chouma, kutupa akakolo kapena kufooka kwa mphamvu za m'banja, zomwe abambo ambiri amachita manyazi kunena, uzani adokotala chifukwa alipo ena oti akusinthireni. Dziwaninso kuti mankhwala opha ululu monga ibuprofen, diclofenac ndi indocid, omwe anthu amamwa tsiku ndi tsiku chifukwa cha msana ndi mawondo, amakweza BP ndi kuvulaza impso.

Komabe si chilungamo kuika mlandu wonse pa wodwala. Munthu amene wayenda makilomita ambiri n'kupeza kuti makina alibe mabatire, kapena kuuzidwa kuti mankhwala atha akagule ku famase, sabweranso mwezi wotsatira, ndipo sitingamunene kuti ndi wosamva. Kuuza anthu kuti akayezetse popanda kuonetsetsa kuti akapezeka nayo alandira thandizo ndi kungowapatsa nkhawa. Chomwe chimandilimbitsa mtima n'chakuti dziko lino linaphunzira kale kusamalira nthenda ya moyo wonse. Kuyambira 2004 pulogalamu ya ma ARV yakhala ikupereka mankhwala mosalekeza mpaka kumidzi, ndi kaundula, ndi anthu otsatira omwe asiya kubwera. Ku Neno, bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo pamodzi ndi Unduna wa Zaumoyo anatenga njira yomweyo n'kuika odwala BP, shuga, khunyu, mphumu ndi HIV pa kiliniki imodzi, tsiku limodzi, ndi antchito omwewo. Pa zipatala za Neno ndi Lisungwi anaphunzitsanso makiliniko ofesa ndi anamwino kuunika mtima ndi makina ang'onoang'ono ndi kusamalira odwala RHD, ntchito yomwe kale inkafuna ulendo wa ku Blantyre. Njira imeneyi, yotchedwa PEN-Plus, nduna za zaumoyo za mayiko a mu Africa zinaivomereza mu August 2022 pa msonkhano wa ku Lomé m'dziko la Togo, ndipo yayamba kufalikira m'maboma ena a dziko lino. Chotsala n'chakuti makina oyezera BP ndi mabatire ake apezeke m'chikwama cha mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi aliyense, ndiponso kuti amlodipine ndi penisilini aziwerengedwa m'nkhokwe za mankhwala mosamala monga momwe amawerengera ma ARV.